Ndinapita kukayeza magolo a eni

Loweruka, 21 Juni, Ulónguè

Ndanyamuka, koma sindinapite patali. Ulendo wayambira pa Vila pomwe pano, mtunda woti nditakuwa mayi a kunyumba akhoza kundiyankha. Anandiseka m'mawa pondiona ndikupinda bulangete: "Inu, munthu amanyamula zofunda popita kuseri kwa msika?" Ndawauza kuti lero ndikungoyesa miyendo, kukwera ndi mawa.

Kwa amene simundidziwa, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mafelemu a zitseko, mageti, ngolo za ng'ombe zikathyoka. Matenda anga ndi mabwalo a mpira. Osati a pa kanema aja ayi, koma a kumudzi ndi a m'mabairo (madera a m'tauni), amene kuno timangoti kampu. Ndili ndi kope lachikuto cholimba momwe ndimalemba kampu iliyonse imene ndaonerapo mpira, ndipo lamulo ndinadziikira ndekha: bwalo limalowa m'kope pokhapokha ndaona masewero kuyambira wenzulo yoyamba mpaka yomaliza. Kungodutsapo pa mota sikuwerengedwa. Mpaka dzulo analipo 38. Chinanso, sindisiya tepi yanga ya kuntchito. Golo la malamulo limakhala mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba, ndipo chiyambire sindinapeze la kumudzi ngakhale limodzi lokwana ndendende.

Kampu ya lero ili kuseri kwa sukulu ina kumapeto kwa tauni, mbali yotulukira ku Calómuè. Zaka zonsezi ndakhala ndikuidutsa osaimapo. Amasewera anali anyamata a mabairo awiri. Magolo ndi a bulugamu, khungwa likadali pomwepo, lakumtunda 6.80, lakumunsi 7.10. Bwalo lenilenilo ndi lopendekeka moti oloza kumunsi mpira umawatsogolera wokha. Timu ina inavala zofiira za Benfica zotola pa kalamidade, amene abale athu a ku Malawi amati kaunjika, ndipo atatu mwa iwo anali nambala 10.

Kuzizira kwa Juni wa kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, simungakumvetse ngati simunaimepo pambalambanda dzuwa litapendeka. Ndagula chipisi cha pachiwaya kuti ndingotenthetsa zala. Kamnyamata kogulitsako kanati, "Makonto 30, bambo." Ndalama inasintha mu 2006, anadula mazilo atatu, koma konto, amene anali 1,000 ya ndalama yakale, sanachoke pakamwa pa anthu, ngakhale pa mwana amene ndalama yakaleyo sanaigwireko.

Alepherana 1–1. Kampu nambala 39.

Lamulungu, 22 Juni, Domué

Ndikulemba ndili pa mphasa ya eni, kuunikira ndi foni, ndipo mtima sunakhale pansi bwinobwino. Lero ndinatsala pang'ono kumenyedwa.

Ndiyambe ndi msewu. Ndinafika pokwerera shapa (minibasi) 6 koloko, kobrado (kondakitala) n'kundilumbirira kuti kwatsala anthu awiri okha. Anthu awiriwo anakwana 9 koloko. Meticais 150, ine mpando wakumbuyo, mawondo atakanikiza thumba la feteleza, pamiyendo nkhuku ya mayi wina amene anati, "Ndigwirireniko, achimwene, siluma." Tadutsa cha ku Lifidzi anthu akutuluka m'tchalitchi. Minda yonse yayera, mapesi okhaokha, kupatula madimba a kachewere ndi kabichi m'madambo. Phiri la Domué umaliona uli kutali, pamene Angoni a Maseko anadzamanga atatopa ndi maulendo awo, koma lero sindinabwerere phiri.

Pamsika ndinafunsa kumene kuli mpira, wamota n'kunditengera kumudzi wina pa meticais 50. Bwalo lili pakati pa munda wa fodya wozulidwa kale ndi manda. Kumbali kuli chulu chachikulu, chimenecho ndiye pokhala mafumu. Ndinafika 1 koloko, ndinapeza mbuzi ndi ana basi. Ndinatulutsa tepi, kamwana kena n'kundigwirira kunsonga. Ndili chigwadire patsinde pa mtengo wa golo, ndikulemba m'kope, ndinangomva kumbuyo: "Ameneyo! Akukwirira chiyani pamenepo?"

Posakhalitsa anandizungulira. Goloboyi wawo anati iye saimapo pagolo limenelo ngakhale amulipire. Maganizo awo anali oti alendo amene akubwera kudzasewera andituma kudzatsirika golo. Wina anati akapeze mafuta a nkhumba adzapake mitengoyo kuti asukuluze mankhwala. Wina anandilanda chikwama n'kuchikhuthula pansi: bulangete, mswachi, mtedza wokazinga. Kope ndi limene linaipitsa zinthu. "Taonani! Mayina a midzi, kutsogolo kwake manambala!" Ndisaname, m'kamwa munauma gwa. Ndinayesa kufotokoza, koma kodi munthu wamkulu wa ndevu za imvi anganene bwanji kuti wawononga ndalama ya shapa kudzangoyeza mitengo iwiri ya eni? Ngakhale ineyo, pomva mawu anga, ndinaona kuti akumveka ngati a mfiti.

Anandipulumutsa ndi mkulu wina wa chipewa chaubweya amene anafika akukankha njinga. Sanakuwe. Anangoti, "Taimani, ana inu. Bambo, kwanu n'kuti? Mfunda wanu ndani?" Nditayankha, anafunsa kumene tinathawira nthawi ya nkhondo. Ndinati ku Dedza, 1986, ndili ndi zaka 7, ndipo sukulu ndinayambira komweko, n'chifukwa chake Chichewa ndimalemba bwino kuposa Chipwitikizi. Iwo anati anali cha ku Lizulu, anabwerera 1993, mtendere utasainidwa ku Rome chaka chinacho. Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anagamula: "Ngati ndi mankhwala, athire mbali zonse ziwiri. Bambo, kayezeninso golo linalo, tonse tikuona."

Ndinapita, gulu lonse pambuyo panga ngati tikuperekeza maliro. Loyamba lija linali 6.55, ili 6.95. Apa mlandu unandichoka n'kugwera amene anadula mitengo. Anati golo lina analiyeza ndi mapazi asanamwe, linalo atamwa. Kuseka kwake mpaka ena anakhala pansi.

Alendo anafika 3 koloko pa thirakita, ndipo nkhani inawapeza asanatsike. Kaputeni wawo atapambana poponya ndalama anasankha kuyamba ndi kutchinga golo laling'ono. Ndinamufunsa pambuyo pake chifukwa, poti mbali amasinthana. Anati, "Bambo, mu Juni chigawo chachiwiri sichikwana, dzuwa limathamanga." Nzeru zinalipo, kungoti miyendo sinamuthandize. Mtanda wa pamwamba ndi nsungwi yoti yawerama pakati, ndipo kawiri konse mpira utaimenya inagwa, masewero n'kuima, wamtali kunyamula wamfupi kuti aibwezeretse. Goloboyi uja anavala golovesi imodzi ya omanga nyumba. Chigoli chikalowa amayi amathamangira m'bwalo ndi nthungululu, zitenje m'mwamba, woyimbira n'kumadikira mpaka atope okha.

Eni mudzi apambana 2–0. Goloboyi anadzandigwira chanza ndi manja awiri: "Bambo, mankhwala anu ndi abwino, mudzabwerenso."

Ndagona kwa mkulu wa chipewa uja. Nsima ya mgaiwa, nyemba, mpiru wotendera. Nditatulutsa ndalama, amayi a pakhomo anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndinaibweza m'thumba. Nambala 40.

Lolemba, 23 Juni, panjira ya ku Furancungo

Lero kulibe mpira, kuli kudikira. Ndakhala pamsika wa Domué kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko, ndadya pawu (buledi) awiri ndi nzimbe, ndawerenga njinga zodutsa mpaka kusokonezeka. Potsiriza inabwera lole yonyamula matumba, meticais 300 pamwamba, kutsogolo kodzaza kale. Ndinakwera ngati mnyamata, koma msana ukundikumbutsa tsopano kuti ndinabadwa 1979.

Fumbi lake lolowa mpaka m'mano. Tayala linaphulika dzuwa likulowa, pamalo poti kulibe nyumba, ndipo jeke anachita kubwereka kwa lole ina imene inatipeza patatha ola. Mdima utagwa ndinayamba kuganiza zopusa: kuti ndikagwa pamwamba pano palibe adziwe mpaka mawa, kuti mayi a kunyumba adzauza anthu chiyani pamaliro, kuti anafera magolo? Mayi wina wa mwana kumbuyo anaona ndikunjenjemera, anandinyemera mbatata yophika n'kundipatsa chitenje chofunda kumutu. Sitinafunsane mayina. Anatsikira pamalo ena amdima pamene munthu anali kuwadikira ndi tochi, ndipo ndinachita kuwaponyera chitenjecho lole itayamba kale kuyenda.

Tafika 9 koloko usiku. Pensau (malo ogona alendo) meticais 500, madzi a m'ndowa ozizira ngati a m'firiji. Sindinasambe, ndipo sindikupepesa.

Lachiwiri, 24 Juni, Furancungo

Pano ndi likulu la boma la Macanga, dziko la Achewa ndi fodya. Ndimati ndipumule, koma ndikumwa tiyi pabaraka ina ndinangomva, "Pepani, bambo, kodi ndinu a tepi aja?" Amota amayenda ndi nkhani kuposa wailesi.

Wofunsayo ndi mphunzitsi wa pasukulu ina kunja kwa tauni. Iyeyo ndiye kochi, ndiye msungichuma, ndiye mwini mpira, ndiye mwini pampu. Paliponse pamene ndapeza mpira wa kumudzi uli moyo pamakhala munthu mmodzi wotere, ndipo akangomusamutsa, bwalo limamera nsenjere chaka chomwecho. Anati mawa pa 25 ali ndi chikho, akufuna mizere yeniyeni, kamodzi kokha pamoyo wawo.

Ndiye tsiku lonse ndagwira ganyu yaulere. Njereza kulibe, choncho ana a sukulu anabwera ndi phulusa la kunyumba, wina m'chitini, wina m'jumbo, wina m'chipewa. Tepi yanga ndi ya mamita 5 okha, ndiye tinatenga chingwe cha khonje n'kumanga mfundo. Bokosi lalikulu 16.5 kuchokera pamzere wa golo, laling'ono 5.5, bwalo lozungulira la pakati 9.15. Ngodya tinaziwongola monga amachitira amisiri pa maziko a nyumba: 3 uku, 4 uku, chopingasa chikakwana 5 ndiye kuti yakhala. Aphunzitsi anaitana ana a kalasi yawo kuti adzaone, amvekere, "Si zimene ndimakuuzani pabolodi izi?" Ana anangoyang'anana.

Kutalika kwa bwalo kwakana. Malamulo amati lisachepere mamita 90, ili lathera pa 88 chifukwa pakona pali mkuyu umene amfumu analetsa kudula. Ndagwirizana nawo amfumuwo, mthunzi wa pabwalo lonse ndi womwewo. Chimene chinandisangalatsa ndi malo a penate. Akale anali kadzenje kokumbika ndi zidendene, mamita 9 okha kuchokera pagolo. Tinakakwirira, n'kuthira phulusa pa 11. Goloboyi wa pasukulupo anavina.

Tikupuma pansi pa mkuyu, aphunzitsi anagogoda mtengo wa golo ndi chala, unalira ngati ng'oma. Chiswe. Amati chaka chilichonse amadzika atsopano, ndipo mitengo yowongoka ikusowa chifukwa yambiri ikuthera m'zigafa za fodya ndi pamoto. Anafunsa mtengo wa magolo achitsulo. Ndinati ndikawerengera ndikafika kunyumba. Za Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, kuno amangozimva pa wailesi. Kuti timu ichoke pano ikafike kumeneko iyenera kudutsa mpikisano wa chigawo chonse cha Tete, kenako wa chigawo chapakati cha dziko, ndipo sitepe iliyonse ndi ndalama ya galimoto. Mnyamata waluso akafika zaka 18, munda wa fodya kapena ukwati umakhala utamutenga kale.

Madzulo anachita zokonzekera basi. Sizilowa m'kope.

Lachitatu, 25 Juni, Furancungo

Lero dziko la Mozambique lakwanitsa zaka 50 za ufulu. Anthu ambiri amaiwala kuti ufulu umenewu unalengezedwera pabwalo la mpira: Samora Machel anaimirira mu Estádio da Machava usiku wolowera pa 25 Juni 1975. Ndinawauza zimenezi anyamata amene ndinakhala nawo pachulu, mmodzi n'kufunsa, "Ndiye munakayezako?" Sindinafikeko. Maputo ndi kutali kuposa Lilongwe ndi Blantyre kuphatikiza, ndipo thumba langa limadziwa zimenezo.

M'mawa kunali zolankhula, ndinazimvera chapatali. Masana kunatuluka gule. Zilombo zitangotulukira kuseri kwa sukulu ana onse balala, ena mpaka kukwera mkuyu. Makanja anadutsa pafupi ndi golo, mtanda ukumulekeza m'chiuno, ndipo mtima wanga unali pa mizere yathu ya phulusa imene amaipondaponda. Munthu sungauze chilombo kuti chiponde bwino, ndinangokhala chete.

Anayamba ndi atsikana, mphindi 20 mbali iliyonse, ambiri osavala nsapato. Panali kamtsikana kena ka kumanzere kothamanga ngati gwape, kanachenya anthu atatu n'kumwetsa, kenako n'kuthamangira kwa amayi ake kukalandira mwana wa mchemwali wake kuti amayiwo avine. Mpira wabwino wa tsiku lonse unali umenewo, ngakhale amuna sangavomere.

Ndime yomaliza imayenera kuyamba 2 koloko. Mlendo wolemekezeka woti adzamenye mpira woyamba anafika 4 koloko, ndipo anaumenya ndi nsonga ya nsapato mpaka unakagwera kwa ogulitsa thobwa. Mphoto inali mbuzi yamphongo, yomangirira pa mkuyu uja, ndi kireti ya zakumwa. Mbuziyo inalira masewero onse, ochemerera n'kumaiyankha. Mnyamata mmodzi analemba GENY kumsana kwa malaya ake ndi cholembera chakuda. Kuno Geny Catamo, wosewera mpira wa dziko lino, wasandutsa anthu ambiri kukhala ochemerera Sporting, makamaka chitengereni timuyo ligi ya ku Portugal zaka ziwiri zotsatizana, 2024 ndi 2025. Geny wathu wa pano liwiro ali nalo, koma mpira amauiwala kumbuyo.

Chigawo choyamba 1–0. Chachiwiri chigoli chobweza chinalowa mpira utagunda chitsa n'kumulambalala goloboyi, ndipo panali mkangano wa mphindi khumi ngati chitsa chimaloledwa kugoletsa. Woyimbira anati chitsa ndi cha bwalo, bwalo ndi la onse. Pomaliza pake dzuwa linali litalowa, mpira woyera ukuoneka ngati mzukwa. Ndinayamba kudandaula kuti akangoti adzamaliza tsiku lina, kope langa silandira kanthu.

Aphunzitsi anakuwira amota. Zinabwera 6, n'kuima chozungulira bokosi, nyali zonse kuloza pagolo, mainjini akulira kuti mabatire asathe. Fumbi ndi utsi zikuyandama m'kuwalako, anthu atapanikizana mpaka pamzere, ndipo pakati penipeni kadontho ka phulusa kamene ndinayeza ndekha. Ndinamva kukoma ngati ndine ndamanga bwalolo. Woyamba anamwetsa, wachiwiri anamwetsa. Wachitatu, chimunthu chachikulu cha kumbuyo, anaumenya mpira n'kukagwa kumunda wa chinangwa. Anatembenuka, n'kundiloza pakati pa anthu onse aja: "Penate ya bambo awa yatalika!" Zathera 4–3. Opambana ananyamula mbuzi pamapewa, iyo ikulirabe.

Nambala 41, ndipo ndailemba ndi zilembo zazikulu.

Lachinayi, 26 Juni, Tete

Kutsika. Ndinayamba ulendo ndi jekete ndi chipewa, pofika masana ndinali ndi malaya okha, otsegula mabatani. Mitengo ya kwathu inatha, panabwera milambe ndi minga, mbuzi paliponse, amayi m'mbali mwa msewu ndi mabeseni a masawu. Ndagula a meticais 20, ndadya mopanda nzeru, tsopano m'mimba mukulira ngati mota ya dzulo.

Chichewa chinanditsanzika pang'onopang'ono. Moni anasanduka "muli tani", ndipo m'tauni muno Chinyungwe ndimamva theka, theka linalo ndimangovomera. Ndawoloka Zambezi wapansi pa mlatho wa Samora Machel, popeza malole akuluakulu anawasamutsira ku mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa 2014.

Cholinga chinali chokafika ku Songo, koma ndawerenga ndalama pabedi ndipo zakana. Sindikudandaula kwambiri. Bwalo la kumeneko la 27 de Novembro ndinalilemba kale, ndi nambala 12, lokhalo m'kope langa la kapinga wothirira. Dzinalo ndi tsiku la mu 2007 limene damu la magetsi la Cahora Bassa linabwerera m'manja mwa Mozambique. Timu ya kumeneko, UD Songo, inatenga Moçambola 2017, 2018 ndi 2022, ndipo a ku Malawi mumaidziwa chifukwa cha wosewera wanu John Banda. Kwa mwini malo ogona ano zonsezo ndi zachabe: iye ndi wa Chingale basi, timu ya pano pa Tete, ikwere itsike, ndipo akuti a ku Songo ndi ana a magetsi, sanalawepo njala. Ndinangoseka, chipinda ndi chake.

Nsima ndi mbuzi meticais 150. Mbuzi ya ku Tete ndi yosiyana ndi yathu, zimenezo ndivomere.

Lachisanu, 27 Juni, Moatize

Ndakwiya, ndipo wondikwiyitsa ndi ine ndemwe.

Anandiuza kuti anyamata ogwira ntchito ku migodi ya malasha amasewera Lachisanu lililonse akaweruka, pabwalo lina pafupi ndi njanji. Kuchoka ku Tete ndi pafupi, kungowoloka Zambezi ndi Revúbuè. Ndinati ndigone kaye pang'ono chifukwa cha m'mimba muja. Ndinadzuka mochedwa, shapa n'kumaima paliponse, ndipo pofika ndinapeza mpira uli mkati. Ndinafunsa mnyamata wogulitsa madzi kuti ayamba liti. "Sipanathe mphindi khumi, tiyu."

Mphindi khumi. Ndinakhala ndi kope pamwendo, cholembera m'manja, ndikudziuza kuti palibe angadziwe. Bwalo lake labwino: dothi lakuda ndi fumbi la malasha, osewera onse a nsapato zenizeni, maukonde alipo, sitima yaitali ikudutsa kuseri kwa golo mabogi osatha, ina mwa zimene zimadutsa ku Malawi popita ku Nacala. Magolo ndi achitsulo, ndipo atatha ndinayeza, nditapempha kaye kwa aliyense amene amaoneka ngati wamkulu: 7.30. Masentimita awiri okha! Koma kawotcheredwe kake ndi kochititsa manyazi. Pangodya anangodonthezera ngati zitosi za nkhuku, ndipo mtanda anaulumikiza pakati penipeni, pamene pamalemera. Mvula ziwiri, udzawerama.

Sindinalembe. Ndangoika kadontho ka pensulo patsamba lomaliza, kutanthauza ngongole.

Loweruka, 28 Juni, Zóbuè

Msewu wa N7, phula, meticais 250, ndinagona njira yonse mpaka mphepo yozizira inandidzutsa tikukwera mapiri. Potsika ndinamva mayi akukalipira mwana m'Chichewa, mtima unakhala m'malo. Malole ali ndandanda kudikira chipata cha ku Mwanza, osintha ndalama akukupiza mitolo ya makwacha ngati akuzizira nayo. Pano nthochi ukhoza kugula ndi ndalama iliyonse mwa ziwirizi, chenji n'kukubwezera inayo.

Mpira unali kumudzi wina m'munsi mwa phiri, ndipo alendo anali a tsidya la Malawi. Sanadzere pachipata. Anatulukira m'kanjira ka m'munda pa njinga, awiriawiri, mmodzi atanyamula jezi zonse m'thumba la feteleza. Theka la iwo ndi azisuweni a eni bwalo. Ochemerera a kuno amakangana za Bullets ndi Wanderers kuposa za matimu a ku Maputo, poti wailesi zimene zimagwira bwino ndi za ku Malawi.

Ulendo uno ndinayamba ndi kukagwada kwa amfumu, kuwaonetsa tepi ndi kope, iwo n'kundipatsa mdzukulu wondiperekeza. 6.20 ndi 6.25, magolo aang'ono kuposa onse a ulendo uno, koma ofanana bwino.

Chimene chinachedwetsa masewero ndi ndalama yobetcherana. Timu iliyonse imayenera kuika yake kwa woyimbira, alendo anabwera ndi makwacha, eni ndi meticais, ndiye asinthe pa mtengo uti, wa kubanki kapena wa pamsewu? Aliyense amafuna umene ukumukomera. Anachita kutuma mwana pa njinga kukaitana wosintha ndalama wa pamsewu, amene anafika, n'kuwerengera pa foni, n'kudulapo yake, n'kukhala pansi kuonera mpira. Woyimbira amaliza wenzulo n'kukuwa m'zinenero ziwiri, "falta" kwa awa, "faulo" kwa awo, ngati kuti samvana.

Alendo anapambana 3–1 ndipo sanachedwe, anakwera njinga ndalama ili m'sokosi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, atamva kuti ndachoka ku Vila sabata yatha chifukwa cha zimenezi, anandipatsa ziwiri zaulere n'kunena kuti, "Akazi anu ndi opirira." Nambala 42.

Lamulungu, 29 Juni, Mussacama mpaka kunyumba

Ndimafuna nditsirizire cha ku Tsangano, kumene anandiuza kuti kuli mpira wa matimu a midzi iwiri. Ndili pamphambano ya Mussacama kudikira galimoto, wondiuza uja anaimba foni: kwagwa maliro, agogo a mmodzi mwa osewera, mpira kulibe. Ndinapepesa, n'kukwera shapa ya ku Vila. M'thumba mwatsala meticais 80.

Masiku 9, mabwalo 4 ndi kadontho kamodzi ka pensulo. Mayi a kunyumba anandilandira chikwama, n'kununkhiza bulangete, n'kuliponya panja osanena kanthu. Madzi osamba anatenthetsa okwanira anthu awiri.

Usiku uno ndakhala ndi pepala la aphunzitsi a ku Furancungo. Paipi imabwera ya mamita 6, mtanda umafuna 7.32, ndiye kulumikiza sikungapeweke, koma ndidzalumikizira chakumbali ndi kachitsulo mkati, osati pakati ngati a ku Moatize. Miyendo ndidula ya mamita 3 kuti yotsalayo ilowe m'simenti, paipi imodzi itulutsa iwiri. Magolo awiri ndi mapaipi 5, ndodo zowotcherera paketi imodzi, penti yoyera. Ntchito ya manja sindiwerengera. Chovuta ndi mayendedwe: chitsulo cha mamita 7 pa lole ija, pa msewu uja. Ndawatumizira uthenga kuti afunse ngati ku Furancungo kuli wina wa makina owotcherera woti angandibwereke tsiku limodzi, ndidzanyamule zidutswa ndikalumikizire konko. Ayankha kuti afunsa mawa, ndipo akuti chimunthu cha penate chija chikundifunabe.